Masamba a Maliro pa Msewu wa ku Thambani

Awerengi, dzina langa ndine Malcolm. Dzina la bambo anga ndalisiya dala, chifukwa ana anga alibe mlandu pa zimene muwerenge pano. Kwa zaka zambiri ndinali munthu wodzudzula. Ndinkadzudzula achinyamata kutchalitchi, alembi kuofesi, ngakhale oyenda pa njinga amene sindinkawadziwa. Khalidwe limenelo silinandithere, koma lero woyamba kudzudzulidwa akhala ine. Nkhaniyi ndainyamula nthawi yaitali ndipo yanditopetsa.

1

Chinali chaka cha 1989. Nkhondo ya ku Mozambique inali itathamangitsira anthu miyandamiyanda m'boma lathu la Mwanza. Ena anakhala m'misasa, ena anamanga tinyumba ta udzu m'mphepete mwa midzi. Ine ndinkagwira ntchito ku bungwe lina lothandiza othawa nkhondo, ndipo udindo wanga unali wolemba mayina ndi kupereka makhadi olandirira chakudya. Banja lopanda khadi silinkalandira ufa, nyemba kapena mchere. Anthu ankandivulira zipewa ndikali patali, ndipo ine mopusa ndinkayesa kuti ndi ulemu.

Dalaivala wa galimoto imene ndinkayendera anali Laston, mlongo wake wamng'ono wa mkazi wanga Esime. Ntchitoyo ndinamupezera ndine, ndipo sindinkalola kuti aiwale zimenezo. Anali ndi mkazi dzina lake Liness, ndi khanda la miyezi inayi. Galimotoyo inali yaing'ono, ya mipando iwiri kutsogolo ndi malo a katundu kumbuyo. Lachinayi lililonse tinkapita nayo ku msasa wina cha ku Thambani.

Paulendo uliwonse ndinkamulalikira.

"Alamu, zimitsani wailesiyo. Munthu sangavine ndi kuona msewu nthawi imodzi."

"Nyimbo zimalowera m'makutu, alamu. Maso ali pantchito."

"Ndipo chimanga chootchacho mudye tikaima. Chiwongolero chimafuna manja awiri."

"Inu alamu munaphonya mayitanidwe," ankatero uku akuseka. "Mukanakhala bishopu wa madalaivala onse kuchokera ku Zobue mpaka ku Limbe."

Kunena zoona, Laston anali dalaivala wosamala. Wailesiyo ankaizimitsa, ndipo chimanga ankachisunga mpaka titaima.

2

Zimene zinachitika Lachinayi lina la mwezi wa Ogasiti ndikuuzani poyamba monga mmene apolisi anazilembera. Zimene sanalembe ndizinena nthawi yake ikakwana.

Tinkabwerera ku boma cha m'ma 3 koloko masana, kumbuyo kwa galimoto kuli matumba a ufa opanda kanthu. Pamudzi wina wa m'mbali mwa msewu panali maliro a mwana wa othawa nkhondo. Monga mwa mwambo umene aliyense amaudziwa, anthu anali ataika masamba pamsewu mbali zonse ziwiri za nyumba ya siwa, kuti woyendetsa galimoto achepetse liwiro ndipo wapanjinga atsike. Galimoto yathu inaponda masamba oyamba osachepetsa liwiro. Pa masamba achiwiri panali bambo wina wachikulire, a Nicolau, atawerama kubwezeretsa nthambi zimene lole ina inali itamwaza. Sanapeze mpata wodzuka.

Nyimbo ya maliro inadukira pakati. Anthu anathamangira pamsewu, ena atatola kale miyala. Laston ndiye sanasokonezeke. Ananyamula a Nicolau mothandizana ndi amuna awiri n'kuwagoneka pa matumba aja.

"Alamu, kwerani msanga. Munthuyu akupumabe."

Anayendetsa mpaka kuchipatala cha ku boma. A Nicolau anatsirizika tikulowa pa geti.

Apolisi atafika, makiyi anawapeza m'manja mwa Laston.

"Dalaivala wa galimoto iyi ndi ndani?"

Laston anandiyang'ana kamodzi, kenaka anayang'ana pansi. "Dalaivala ndine, bwana."

"Nanga inu, akuluakulu, munalimo?"

"Ndinalimo," ndinayankha.

"Ndiye mudzakhala mboni ya boma. Masamba a maliro saoneka? Anyamata a masiku ano akakhala pa chiwongolero amaona ngati msewu ndi wa agogo awo."

Anamuvula lamba ndi nsapato ine ndikuona, n'kumulowetsa m'chitokosi. Belo anamukaniza, ati kwawo n'kufupi ndi malire, angathawe. Patapita masiku anamutumiza kundende ya ku Blantyre kukadikira mlandu wopha munthu chifukwa choyendetsa galimoto mosasamala. Wapolisi wina anandinong'oneza kuti zikamuvuta, zaka zisanu sizingalephere.

3

Liness anasamukira kwathu ndi khanda lake. Sankalira mokweza. Ankangokhala pakhonde kuyang'ana kumsewu, ndipo ndikabwera kuchokera kuntchito ankandigwadira.

"Alamu, inu ndinu ophunzira, ndipo munaliko. Mukawauze akuluakuluwo kuti bambo a mwanayu si opupuluma."

"Lamulo lili ndi njira yake, mlamu. Tidikire," ndinkatero, ndi mawu omwe aja a pa guwa.

Loweruka lina masana Esime anandipeza pansi pa mtengo wa mango ndikulemba malipoti. Manja ake anali onyowa. Anali atachapa zovala zimene Laston anavala tsiku la ngozi, zomwe anakazitenga kupolisi.

"Bambo a Jane, ndifunse?"

"Funsani."

"Zovala za Laston ndatsukuluza kawiri, madzi akuyerabe ndi ufa. M'kolala, m'matumba, paliponse. Tsiku lija kupolisi tsitsi lake linali mbuu ngati munthu wochokera kuchigayo. Jekete yanu inalibe ngakhale kadontho."

"Ananyamula wovulala n'kumugoneka pa matumba."

"Anamunyamula ndi mutu?"

"Mayi a Jane, kodi mwalowa ntchito yaupolisi?"

"Ayi. Ine ndimangochapa." Anapukutira manja pa chitenje. "Koma kuyambira tsiku limene lija simunadzudzulepo munthu m'nyumba muno. Jane anaswa kapu dzana, inu munangomuyang'ana. Ndicho chikundiopsa."

Anabwerera kukayanika zovala. Ine ndinakhala ndi cholembera m'manja mpaka inki inauma pansonga.

4

Bungwe linandipatsa dalaivala wina, ndipo ntchito inapitirira. Tsiku lina logawa chakudya, mzere utafika pakati, patebulo panga panaima mayi wovala nsalu yakuda. Anaika khadi lake patsogolo panga.

"Chefe," anatero, liwu la kwawo lotanthauza bwana, "ndabwera mufufute dzina."

Ndinawerenga khadilo. Mutu wa banja: Nicolau. Mkazi: Teresinha. Ana asanu. Lamulo la bungwe linali lakuti munthu akamwalira dzina lake lichotsedwe, ndipo wochotsa ndinali ine.

"Pepani ndi zimene zinachitika, mayi."

"Mukupepesa inuyo?"

"Ndikupepesa m'malo mwa bungwe."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Chichewa chake chinali chosakanikirana ndi Chinyungwe, koma palibe liwu limene linandiphonya.

"Ine tsiku lija ndinali pa nkhuni, chefe, m'mbali mwenimweni mwa msewu. Maso ndili nawo awiri, onse abwino. Amayi anzanga anayi analinso pomwepo."

Ndinafunsa motsitsa mawu: "Munawauza apolisi?"

"Khadi ili lili ndi ana asanu. Ana amadya ufa, sadya mlandu." Anakankhira khadilo pafupi ndi dzanja langa. "Fufutani, anzanga akudikira padzuwa."

Ndinadula mzere pa dzina la a Nicolau. Pamene panali anthu asanu ndi awiri ndinalembapo asanu ndi mmodzi, n'kusayina. Mayiyo anatenga khadi lake, anawerama pang'ono monga onse ankachitira, n'kumapita. Apo m'pamene ndinazindikira tanthauzo la zipewa zimene anthu ankandivulira. Msasa wonse unkadziwa kanthu, ndipo msasa wonse unali chete chifukwa cha cholembera changa.

5

Patatha miyezi itatu ndinapita kukamuona Laston. Ndinachedwa dala, ndikunamizira ntchito. Anatulukira atawonda, khosi litatalika, akutsokomola chifuwa chouma.

"Abishopu afika," anatero, akuyesa kuseka. "Mwabwera ndi ulaliki uti lero?"

"Ndabwera ndi sopo ndi shuga. Achemwali anu apereka moni."

"Mwana wayamba kukwawa?"

"Wayamba."

Anagwedeza mutu. "Muno muli mkulu wina amawerengera anthu zaka. Akuti ine ndikamadzatuluka mwanayo adzakhala akupita kusukulu. Adzandifunsa kuti bambo inu mukufuna ndani."

"Alamu, ine..."

"Musavutike. Inu muli ndi ana anayi, udindo kumpingo, ndi achemwali anga. Ine ndili ndi chiyani? Chiphaso cha udalaivala chokha." Anatsokomola mpaka misozi inalengeza. "Kungoti kukuzizira muno, alamu. Sindinkadziwa kuti Blantyre amazizira chonchi mwezi wa Novembala."

Kunja kunali kutentha koopsa tsiku limenelo. Ndinadziwa kuti thupi lake silili bwino, ndipo kuti zaka zisanu sangazimalize. Ndinakwera basi yobwerera ku Mwanza ndikudziwa zimenezo, komabe sindinatsikire kupolisi. Awerengi, musandichepetsere mlandu. Ndinapita kunyumba, ndinadya, ndipo Lamulungu ndinatsogolera mapemphero.

6

Mlandu unalowa mu Disembala kukhoti la ku boma. Esime ndi Liness anakhala pa benchi yachitatu. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi khomo, kunali mayi Teresinha. Palibe amene anawaitana.

Atafunsidwa ngati akuvomera mlandu, Laston anati, "Galimotoyo inalembedwa m'dzina langa, bwana." Woweruza sanakhutire ndi yankho limenelo, ndipo analamula kuti mboni zimvedwe. Mboni yoyamba ndinali ine. Ndinagwira Baibulo n'kulumbira.

Wapolisi woimira boma anali munthu wofatsa, wooneka wotopa ngati ine ndemwe.

"Tsikulo kunali mvula kapena fumbi lotchinga maso?"

"Ayi, kunali kowala."

"Mabuleki anali bwino?"

"Anali bwino."

"Ndiye thandizani khoti. Munthu wamaso saponda masamba a maliro masana popanda chifukwa. Pamene galimoto inkafika pa masamba oyamba, woimbidwa mlanduyu ankachita chiyani? Ankasintha wailesi? Ankadya? Ankayang'ana atsikana m'mbali mwa msewu?"

Kwa miyezi inayi ndinkadzitonthoza kuti sindinanene bodza, ndinangokhala chete. Tsopano kukhala chete kunali kutatha ntchito. Kuti ndipulumuke ndinayenera kupeka tchimo ndi pakamwa panga, kulisankha pakati pa wailesi, chimanga ndi atsikana, n'kumuveka mnyamata amene anaima m'bokosi la woimbidwa mlandu patsogolo panga. Ndinayesa. Liwu lakuti wailesi linafika pa lilime, koma linakana kutuluka.

"Ankamenya denga la galimoto ndi zibakera, bwana."

"Denga? Ali pa chiwongolero?"

"Sanali pa chiwongolero. Anali kumbuyo, pa matumba. Ankandichenjeza. Woyendetsa ndinali ine."

M'khoti munamveka phokoso la anthu osuntha pa mabenchi. Woweruza anandichenjeza kuti zimene ndikunena zikhoza kundimangitsa. Ndinati ndikudziwa.

"Chifukwa chiyani dalaivala anali kumbuyo?"

"Ndinamulamula. Ndinati mphepo iulutsa matumba, akawagwire. Anandikumbutsa kuti malamulo a bungwe salola wina kuyendetsa. Ndinamufunsa kuti ntchitoyo anamupezera ndani."

"Nanga masamba simunawaone bwanji?"

Pano ndiye panali chimene ndinkabisa kuposa imfa ya munthu. Ndinayang'ana pa benchi yachitatu.

"Ndinkawerenga kalata. Ndinaiyala pa chiwongolero."

"Kalata ya ntchito?"

"Ayi, bwana."

Ku msasa kuja kunali mayi wina wamasiye wachitsikana, dzina lake Rosinha. Khadi lake linatuluka msanga kuposa la anzake, ndipo kwa chaka chathunthu ndinkapita kunyumba kwake Lachinayi lililonse, ndikunamizira kuti ndikukayendera mabanja. Ndinkadziuza kuti n'chikondi. Lero ndikudziwa kuti mkazi amene chakudya chake chili m'manja mwako alibe ufulu weniweni wokukana. Tsiku la ngozi sanandilole kulowa. Anangolowetsa kalata m'buku langa la mayina. Sindinafune kudikira mpaka kufika ku boma, komanso sindinafune kuti mlongo wa mkazi wanga aione. N'chifukwa chake ndinamukweza kumbuyo. Kalatayo inalembedwa ndi pensulo, zilembo zing'onozing'ono, ndipo galimoto inkagwedezeka, choncho ndinaweramira pafupi. Ndinawerenga mizere inayi yokha: kuti ali ndi pakati pa miyezi isanu, ndi kuti abale ake akufuna kundiona. Kumenya kwa padenga ndinakumva, koma ndinayesa kuti Laston akudandaula mabampu.

Zonsezi ndinazinena pamaso pa anthu. Esime anaimirira, anakonza chitenje chake, n'kutuluka pang'onopang'ono osayang'ana kumbuyo. Mayi Teresinha anamupatsa njira pakhomo.

7

Anandipeza wolakwa pa mlandu wopha munthu poyendetsa galimoto mosasamala, ndipo anandilamula kukagwira ukaidi zaka zitatu. Anawonjezerapo miyezi isanu ndi umodzi chifukwa chosocheretsa apolisi. Chiphaso changa anandilanda. Ntchito inatha, ndipo mpingo unandichotsa pa udindo. Woweruza ananena mawu amene ndimawakumbukirabe: kuti lamulo silifunsa ngati unafuna kupha, limafunsa kumene maso ako anali.

Esime anatenga ana n'kubwerera kwawo kwa Kanduku. Ukwati sanauthetse kukhoti, koma mpaka lero ndikapita kukaona ana amandipatsa mpando panja, ngati mlendo. Rosinha anabwerera kwawo ku Tete mtendere utabwera. Ndinamva kuti anabereka mwana wamkazi. Sindinamuonepo.

Laston anamasulidwa tsiku lomwelo, koma bungwe linamuchotsa ntchito chifukwa chopereka makiyi, ndipo anakhala miyezi yambiri akumwa mankhwala a chifuwa chachikulu. Nditatuluka m'ndende ndinamupeza pa Thambani, pansi pa kashedi ka udzu, akukonza njinga. Anandilozera chitini kuti ndikhalepo, iye n'kupitiriza kumata chubu.

"Ndabwera kudzapepesa, alamu."

"Mwanenepa kuposa mmene ndinkayembekezera. Ndende yakukondani."

"Pali chimodzi chimene sindimvetsa. Munavomera bwanji mlandu osadziwa n'komwe chimene chinandichititsa?"

Anaika chubu m'beseni la madzi, n'kumayang'ana ngati patuluke thovu.

"Osadziwa? Alamu, Lachinayi lililonse mukamakayendera mabanja, amene ankakudikirani pansi pa mtengo wa bwemba anali ndani? Mabanja ake munkayendera nyumba imodzi yokhayokha. Ndinadziwa mwezi woyamba. Kalata ija ndinaona akuilowetsa m'buku."

"Ndipo simunawauze achemwali anu?"

"Ndikanawauza, akanadya chiyani ana? Ndinangoti zidzatha zokha." Anapukuta manja pa kansanza. "Mukanangokhala pampando wanu n'kumawerenga, ine ndikuyendetsa. Sindikanayang'ana n'komwe. Munandiphunzitsa nokha kuti maso azikhala pamsewu."

Munthu wina anafika ndi njinga yothyoka sipoko, ndipo Laston anamulandira. Ndinakhala pa chitini paja kanthawi, kenaka ndinatsanzika.

Awerengi, makamaka inu amene mumagwira chiwongolero, sindikupemphani kuti mundimvere chisoni. Ndikukuchenjezani, pakuti ndicho chokha chimene ndatsala nacho. Musadzinamize kuti ngozi imachitikira oledzera ndi achinyamata okha. Ine sindinalawepo mowa, ndipo malamulo a pamsewu ndinkawadziwa pamtima. Chimene chimachotsa maso pamsewu sichikhala chachikulu: kaseti imene yakodwa, chipewa chimene chagwera pansi, mnzanu wa kumbuyo amene mukufuna kumuyang'ana pomuyankha, kapena nkhawa imene mwaibisa m'thumba. Ngati chinthucho sichingadikire, imani pambali. Ngati mukuchita manyazi kuima chifukwa wina aona, dziwani kuti vuto lanu linayamba musanakwere galimoto. Ndipo tsoka likakugwerani, nenani zoona tsiku lomwelo, apolisi asanavule munthu wina lamba m'malo mwanu.

Ndili m'ndende ndinabwereka wotchi ya msilikali wina wa ndende, n'kuwerenga mizere inayi ya m'nyuzipepala yakale kuti ndione nthawi imene imatenga. Inatenga masekondi khumi ndi awiri. Ndinamva pambuyo pake kuti a Nicolau anayenda masabata atatu m'tchire pothawa nkhondo, atabereka mwana wawo wamng'ono kumsana, ndipo palibe chipolopolo chimene chinawakhudza. Anafika kuno ali moyo, dzina lawo ndinalilemba ndine, ndipo anapulumuka zonse kupatula masekondi anga khumi ndi awiri.